Ana athu akuphunzira m'chiyankhulo cha amene walipira mabuku

Pa 28 Malichi 1996 unduna wa zamaphunziro unatulutsa kalata yonena kuti kuyambira nthawi imeneyo ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo. Ndiye kuti mwana wa ku Nsanje m'Chisena, wa ku Rumphi m'Chitumbuka, wa ku Mangochi m'Chiyao, Chingerezi chizibwera ngati phunziro palokha kenako chidzalande zonse kuyambira Sitandade 5. Anthu analongolola heve m'manyuzipepala, ena amati boma likufuna kugawa dziko potengera mitundu, ena amati mukufuna ana athu akhale mbuli pomwe anu ali ku pulayiveti. Koma chimene chinaipha kalata ija si mkangano umenewo ayi. Inafa yokha mwakachetechete chifukwa kumbuyo kwake kunalibe mabuku, kunalibe aphunzitsi okonzekeretsedwa, kunalibe ndalama. Pepala basi.

Kumbukirani kuti apa n'kuti pangotha zaka ziwiri a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana atakhamukira m'sukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, boma litalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 oti sanapiteko ku koleji, kungowaphunzitsa masabata owerengeka n'kuwapatsa choko. Makalasi pansi pa mitengo ya mango, mwana mmodzi buku kulimbirana ndi anzake asanu, nde mukuti wina akanaganiza zosindikiza buku la masamu m'Chisena? Chaka chomwecho cha 1996 ku Zomba kunatsegulidwa Centre for Language Studies m'malo mwa Chichewa Board ija ya nthawi ya Kamuzu, ndipo akatswiri kumeneko anagwira ntchito ndithu, anakonza malamulo a kalembedwe ka ziyankhulo ngati Chiyao ndi Chitumbuka, anatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, a GTZ aku Germany analipirako misonkhano yokambirana za chiyankhulo cha m'kalasi kuyambira 1999. Mfundo zinalembedwa, zikalata zinapita ku Capital Hill. Kumeneko zinakagona.

Ine nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndine Mlomwe wa ku Phalombe, kunena za mtundu, koma Chilomwe chimene ndimadziwa sichingandikwanire olo kugula mchere pamsika. Agogo anga aakazi ankachiyankhula bwinobwino, koma ndi akuluakulu anzawo okha, makamaka akafuna kuti ana tisamve zimene akunena, akatembenukira kwa ife nde chinali Chichewa. Ndipo sindiwada. Makolo awo analowa kuno kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzafikira m'maesiteti a azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu komwe anakalowa m'thangata, anthu n'kumawanyoza kuti Anguru. Munthu wonyozedwa chifukwa cha kayankhulidwe kake amaphunzira msanga kutseka pakamwa. A Lewis Bandawe anachita kuyambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 kuti dzina lonyoza lija lichoke m'mabuku a boma, dzinalo linachokadi koma manyazi anatsala m'nyumba. Taonani zotsatira zake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe tilipo pafupifupi 19 pa anthu 100 aliwonse, achiwiri kwa Achewa. Koma kalembera wa 1998, amene anafunsa chiyankhulo chimene anthu amayankhula pakhomo, anapeza Chilomwe chili pa 2.4 peresenti yokha. Angoni a ku Ntcheu ndi Mzimba nawonso musawafunse, Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko.

Zathu zinayamba ndi manyazi, za anzathu akumpoto zinachita kulamulidwa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa MCP unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, Chitumbuka chimene a mishoni ya Livingstonia anaphunzitsira ana kwa zaka zambirimbiri chinachotsedwa pa MBC ndi m'sukulu, chinadzabwerera pa wailesi mu 1994. Ndikunena izi ngati munthu amene Chichewa ndiye chiyankhulo changa chenicheni, ndimalota m'Chichewa, ndimatukwana m'Chichewa, koma tisanamizane kuti mwana aliyense m'Malawi muno amabadwa nacho. Kamwana ka ku Chitipa kamene kunyumba kamayankhula Chilambya kapena Chindali kakalowa Sitandade 1 kamakumana ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo tsiku limodzi, ndipo mwina pabwalo posewera pali chachitatu, Chitumbuka. Ife akummwera ndi pakati timangoti "chiyankhulo cha makolo" tikutanthauza Chichewa, osaganiza n'komwe.

Amene munaphunzira sukulu za boma mukudziwa mmene kalasi ya ziyankhulo ziwiri imayendera kwathu kuno, si zimene zimalembedwa m'malipoti zija. Madamu alemba pa bolodi m'Chingerezi, awerenga mokweza, ana abwereza ngati kwaya, kenako afunsa "are we together?" kalasi yonse "yeeees", chonsecho palibe wamva kanthu. Nde madamu aja, poti nawonso ndi munthu, atsitsa mawu n'kufotokoza zonse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, apo nkhope za ana zimasintha, manja ayamba kukwera, wina afunsa funso. Koma njinga yamoto ya a PEA, oyendera sukulu aja, ikangomveka panja abwerera ku Chingerezi msangamsanga ngati agwidwa akuba. Chinthu chimene chikuthandiza ana kumva chimachitika mobisa, palibe anawaphunzitsa ku TTC kuti achichite bwanji mwadongosolo, palibe buku lake. Ndipo pa Sitandade 5 mpamene pali phompho lenileni, mwana amene dzulo amaphunzira zonse m'Chichewa lero sayansi, ulimi, masamu zonse m'Chingerezi chimene mawu ake akudziwa mwina ongoperekera moni ndi kupempha kupita kuchimbudzi. Chotsatira ndi kukopera manotsi ndi kuloweza. Kusukulu kwathu kunalinso kachikwangwani kovala m'khosi ukagwidwa ukuyankhula "vernacular", umayenda nako mpaka upeze mnzako womupatsira, womaliza nako madzulo akatchetche bwalo. Ana ambiri anangophunzira kukhala chete tsiku lonse, Chingerezi osachidziwabe.

Mu 2013 kunabwera lamulo latsopano la maphunziro lonena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna a Lucius Kanyumba analengeza kuti izi ziyambira Sitandade 1. Makolo ambiri anaombera m'manja. Koma patangotha zaka ziwiri, mu 2016, boma lomwelo linakhazikitsa National Reading Programme ndi ndalama za USAID, kudzera mu pulojekiti ya MERIT imene ankayendetsa a RTI International, ndipo phata lake linali lakuti mwana ayambe wadziwa kuwerenga m'Chichewa, maliwu a malembo, maphatikizo, mawu, kenako ziganizo, Chingerezi chikuyenda pambali. Ndiye onani, lamulo la 1996 limati chiyankhulo cha kwanu, silinachitike. Lamulo la 2013 limati Chingerezi kuyambira pansi, nalonso m'makalasi ambiri akumudzi silinachitike. Chimene chinachitikadi ndi chimene chinabwera ndi malole a mabuku. Ndipo pano ndiyamikire, mabuku anafikadi, kwa nthawi yoyamba ana ambiri a Sitandade 1 anagwira buku lawolawo m'manja, aphunzitsi dziko lonse anaitanidwa ku ma TDC, malo osulirako aphunzitsi m'madera, kukaphunzira njira imodzi yophunzitsira kuwerenga. Mchemwali wanga amene amaphunzitsa makalasi ang'onoang'ono amati aka kanali koyamba kuti wina amuonetse bwinobwino mmene umayambira ndi mwana woti sanaonepo lembo.

Koma mabuku onsewo anali m'Chichewa ndi Chingerezi basi. Ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva ukadziika m'malo mwa munthu amene wagwira thumba la ndalama. Kusindikiza buku limodzi mamiliyoni n'kotchipa kuposa kusindikiza mabuku asanu ndi awiri osiyana. Wapatsidwa zaka zisanu, kumapeto kwake akuyenera kukaonetsa kwawo kuti ana awerenga mawu angati pa mphindi imodzi, ndiye akufuna mayeso amodzi, chiyankhulo chimodzi, nambala imodzi yoika pa tsamba loyamba la lipoti. Kuti ayambe kukambirana ndi Asena za kalembedwe, kupeza olemba nthano m'Chitonga, kuyesa mabukuwo, kuphunzitsa aphunzitsi padera, zaka zitatu zatha asanawerengetse mwana ndi mmodzi yemwe. Si nkhanza ayi, ndi kawerengedwe chabe. Koma zotsatira zake n'zakuti nkhani yaikulu ngati imeneyi, yakuti mwana wa ku Makanjira ayambe sukulu m'chiyankhulo chanji, sinagamulidwe ku Nyumba ya Malamulo kapena pabwalo la mfumu, inagamulidwa pa bajeti ya pulojekiti. Ndikudziwa kuti USAID inali ndalama za boma la America, osati za thumba lachifundo la munthu wolemera ngati Ford kapena Carnegie, koma kumudzi zonsezi timangoti "amabungwe", galimoto zake n'zofanana, mawekishopu ake n'ngofanana, alawansi yake n'njofanana. Ndipo ngakhale ndi khama lonselo, kafukufuku wa m'makomo wotchedwa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 peresenti okha ndi amene amatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamva.

Kenako Januwale 2025 a Donald Trump anaimitsa thandizo lakunja, pofika Julayi USAID inali itatsekedwa. Aliyense analankhula za ma ARV, ndipo m'pomveka chifukwa apo ndi moyo, koma za kuwerenga zinangozima opanda wolira. Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Buku la Sitandade 1 likadutsa m'manja mwa ana kwa zaka zitatu limakhala sanza, chikuto kulibe, masamba apakati anakulungira zitumbuwa, ndipo funso n'lakuti adzasindikizenso ndani.

Tsopano ndisawalakwire makolo amene amafuna Chingerezi kuyambira ku mkaka, chifukwa mantha awo ali ndi mbiri. Mu 1924 kuno ku Nyasaland kunabwera gulu lofufuza za maphunziro la Phelps-Stokes, lolipiridwa ndi thumba lachifundo la ku New York, ndipo uphungu wawo unali wakuti munthu wakuda apatsidwe maphunziro "omuyenera", ulimi, ukhondo, ntchito zamanja, m'chiyankhulo chake. Kuchokera apo ndi pamene kunabadwa sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes Training Centre ku Domasi mu 1929, ndi thandizo la Carnegie Corporation. Zina zinali zabwino, koma anthu ophunzira a nthawi imeneyo anaona msanga kuti apa akutitsekera khomo la ukalaliki ndi la mabuku akuluakulu, ndipo ku South Africa Bantu Education ya 1953, ndondomeko ya maphunziro apadera a anthu akuda, inadzaonetsa poyera kuti chiyankhulo cha makolo chikhoza kugwiritsidwa ntchito ngati mpanda. Ndiye mayi wa ku Ndirande akamva bwana wa mu ofesi akuti ana aziphunzira m'Chichewa, amayang'ana kumene bwanayo akutumiza ana ake, n'kupeza yankho. Kamuzu yemwe, amene anakweza Chichewa mu 1968 ndipo ankakonda kudzudzula anthu pa kayankhulidwe kolondola, atamanga sukulu ya kumtima kwake ku Mtunthama mu 1981 anaikamo Chilatini ndi Chigiriki ndi aphunzitsi ochokera ku Britain. Mpaka lero MSCE sungaipeze ukalephera Chingerezi olo utakhoza masamu ndi sayansi motani, malamulo a dziko amati phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, intavyu ya ntchito ya ulonda yomwe ena amafunsa m'Chingerezi. Makolo sakulota, akuona. Pamene ndimasiyana nawo ndi pa njira yokha, iwo akuganiza kuti mwana akamizidwa m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba achidziwa msanga, pomwe mphunzitsi wake naye Chingerezicho chikumuvuta, kalasi muli ana 100, kunyumba kulibe olo nyuzipepala.

Ndipo umboni woti kuyamba m'chiyankhulo cha kwanu kumathandiza ulipo, ndipo chosangalatsa n'chakuti unalipiridwa ndi achifundo omwewo. Ku Nigeria, mu 1970, Pulofesa Babs Fafunwa wa pa yunivesite ya Ife anayambitsa kafukufuku ndi ndalama za Ford Foundation. Anatenga ana ena n'kuwaphunzitsa maphunziro onse m'Chiyoruba kwa zaka zonse zisanu ndi chimodzi za pulayimale, masamu, sayansi, zonse, Chingerezi chikuphunzitsidwa ngati phunziro palokha koma ndi mphunzitsi wochidziwa bwino, pomwe ana ena anatsata njira yakale yosinthira ku Chingerezi pakatikati. Anachita kulemba mabuku atsopano, kupeka mawu a sayansi m'Chiyoruba, kuphunzitsa aphunzitsi, ntchito ya zaka zambiri. Mapeto ake ana a Chiyoruba aja anakhoza bwino kuposa anzawo, ndipo Chingerezi chimene aliyense ankaopa kuti chiwavuta sichinawatsalire m'mbuyo. Apa ndi pamene ndimaona kuti ndalama za munthu wachifundo zili ndi ntchito yake imene boma silingaigwire, nduna imaopa mavoti, singayese chinthu choti zipatso zake zidzaoneka itachoka pampando, pomwe Ford analibe chisankho choti aope. Koma boma la Nigeria silinaitenge njirayi kuifalitsa dziko lonse, ndipo apo wachifundo sangachitepo kanthu, iye angakuonetse kuti zimatheka, kulamula sangalamule.

Chitsanzo china chili pakhomo pompano, kungowoloka pa Zobue kapena pa Dedza. Kuyambira 1993 mpaka 1997 Mozambique inayesa pulojekiti yotchedwa PEBIMO m'makalasi ochepa chabe, ku Gaza ana amaphunzira m'Chichangana ndi Chipwitikizi, ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi, Chinyanja chathu chomwechi, ndi thandizo la UNDP ndi World Bank. Ofufuza anapeza ana omasuka, oyankha m'kalasi, atsikana akupitirira bwino, makolo akutha kulowa pasukulu n'kucheza ndi mphunzitsi opanda womasulira. Ndipo kusiyana ndi Nigeria, kumeneko boma linaitola, mu 2003 linayamba kulowetsa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'ziyankhulo 16, pang'onopang'ono, mabungwe ngati Progresso akuthandiza kusindikiza mabuku ku Niassa ndi Cabo Delgado. Mavuto alipo, mabuku amasowa, aphunzitsi amasamutsidwa, koma ndikamaganiza kuti dziko limene linangotuluka kumene m'nkhondo mu 1992 linalimba mtima ndi ziyankhulo 16 pomwe ife timati zisanu n'zambiri, mutu umandizungulira. Ndipo pa 16 pajapo Chilomwe chilipo. Abale a agogo anga amene anatsala tsidya lija ana awo ena akuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene ine wa ku Phalombe sindichimva. Zambia nayo mu 2014 inalamula kuti Giredi 1 mpaka 4 ziziyenda m'ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, Chinyanja ku Lusaka ndi ku Chipata.

Thandizo la maphunziro kwathu kuno lakhala la mitundumitundu. Mary's Meals inayamba mu 2002 ndi ana 200 okha, lero ikudyetsa phala ana opitirira 1 miliyoni m'Malawi muno, ndipo ine phala ndimalilemekeza, mwana wanjala samva chiyankhulo chilichonse. Chinsinsi chake n'chakuti amaphika ndi amayi a m'mudzi momwemo, nkhuni ndi zawo, ndipo bungwelo silinabwere ndi zaka zisanu, lakhala. Madonna anabwera ndi maloto a sukulu ya atsikana ya 15 miliyoni dola pafupi ndi Lilongwe, anthu anasamutsidwa pamalo, mu 2011 zinalephereka 3.8 miliyoni dola itapita kale sukulu palibe, kenako anagwirizana ndi buildOn n'kumanga midadada ku Kasungu. Pano kwabwera matabuleti, pulogalamu ya BEFIT imene inayamba mu 2023 ndi mapulogalamu a onebillion, ana atavala mahedifoni akuphunzira kuwerenga ndi masamu, magetsi a sola. Ana amazikonda zedi ndipo tabuletiyo imayankhula Chichewa chomveka. Apa nde ndimati mwayi ulipo, chifukwa kuwonjezera mawu a Chisena kapena Chiyao mu tabuleti sikufuna malole a mapepala, kumafuna anthu odziwa chiyankhulocho, situdiyo ndi chifuniro. Mukaganiza, mabuku a m'ziyankhulo zathu amene akhalitsa kuposa onse ndi a kutchalitchi. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922 patatha zaka zoposa 20 anthu akumasulira, ndalama zake zinali zopereka za akhristu wamba akunja, ndipo mibadwo ingapo inaphunzirira kuwerenga pamenepo ndi pa mabuku a nyimbo. Amishoni anali ndi zolinga zawo, inde, koma sankathamanga.

Koma abale, nanga ife? Timakonda kuyankhula ngati opereka ndi azungu okha pomwe Amalawi timapereka kwabasi. Pa ukwati perekaniperekani maola atatu, pamaliro mbale imazungulira, kutchalitchi pepa sande ya denga, pa WhatsApp magulu a ma alumni akusonkha mwezi ndi mwezi. Gulu la amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale linasonkha ndalama yooneka, ndipo mkangano unali woti timange mpanda kapena tipente midadada, wina atatchula za timabuku ta nthano ta ana a Sitandade 1 ndi 2 anthu anangoti zimenezo ndi za boma ndi amabungwe. Mpanda umajambulika, ukhoza kuikapo chikwangwani cha mayina. Chaka chilichonse mu Okutobala timakhamukira kwa Chonde ku Mulhako wa Alhomwe, mabasi, nsalu zosindikiza, tchopa, kalongonda, andale kupikisana kupereka mamiliyoni, wina akuwa "Alhomwe Alhomwe" tonse "noophiya", ndipo kwa ambiri a ife Chilomwe chathera pomwepo mpaka chaka chamawa. Ku Umthetho ku Hora n'chimodzimodzi, ku Umhlangano ku Ntcheu n'chimodzimodzi. Sindikunyoza, ndimapita nawo ndipo ndimavina. Koma ndalama ya nsalu za chaka chimodzi ikanalipira aphunzitsi opuma angati kuti akhale pansi ndi agogo otsala aja, alembe nthano, zilapi ndi nyimbo za ana, zisindikizidwe timabuku ta masamba khumi tofika m'sukulu za mkaka za ku Phalombe ndi Mulanje? Zida zilipo kale zaulere, pa African Storybook pali nthano za ana zokhala ndi zithunzi zomwe aliyense amaloledwa kumasulira ndi kusindikiza osalipira kanthu, mawailesi a m'madera alipo, akatswiri a kalembedwe ali ku Zomba. Wachifundo wa ku London sangadziwe kusiyana kwa Chimihavani ndi Chinyamwello, ndipo palibe chifukwa choti adziwire, imeneyo ndi ntchito ya eni ake.

Anzathu amene muli ku Joni, ku Leeds, ku Dublin, inu nde mukuziona ndi maso. Mwana amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, agogo akaimba pa vidiyo kukambirana kumathera pa "muli bwanji, ndili bwino", kenako foni ibwerera kwa mayi ake. Anthu a ku Poland amene ali ku Britain ali ndi sukulu zawo za Loweruka zimene makolo amalipira okha, ana kuphunzira kuwerenga ndi kulemba chiyankhulo cha kwawo, ife timakumana pa 6 Julayi kuwotcha nyama. Ku Zimbabwe zidzukulu za anthu amene anapita ku migodi ndi m'mafamu zinasunga Gule Wamkulu ndi kachiyankhulo komwe, mpaka malamulo a dzikolo a 2013 anaika Chewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, zimenezo anasunga okha m'makomboni opanda pulojekiti.

Pali chinthu chimodzi chimene sichifuna olo tambala ya wachifundo, ndi katumizidwe ka aphunzitsi. Mnyamata wa ku Karonga amaliza ku TTC n'kutumizidwa ku Nsanje, mtsikana wa ku Chikwawa ku Nkhata Bay, n'kupatsidwa Sitandade 1 chifukwa ahedi ambiri amaona ngati makalasi apansi ndi a aliyense, aphunzitsi amphamvu amawasungira Sitandade 8 kuti sukulu itchuke pa PSLCE. Ndikumva mantha ake, mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera m'zigawo za kwawo ndipo bala limenelo akumpoto sanaliiwale, palibe akufuna zimenezo zibwerere. Koma kufunsa mphunzitsi pa fomu kuti ndi ziyankhulo ziti zimene amayankhula, osati kwawo n'kuti, n'kuonetsetsa kuti pasukulu iliyonse amene walandira tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi akutha kumva kamwana kakamati kakufuna madzi kapena m'mimba mukupweteka, imeneyo ndi ntchito ya ofesi ya maphunziro ya paboma ndi ahedi. Ku TTC nakonso pakanakhala phunziro loonetsa mphunzitsi mmene angagwiritsire ziyankhulo ziwiri poyera, liti afotokoze m'Chiyao, liti abwereze m'Chingerezi, mawu ati a sayansi ayambe kuwalowetsa kuyambira Sitandade 3 kuti pa 5 pasakhale phompho. Mchemwali wanga amachita kale zimenezi m'kalasi mwake tsiku ndi tsiku, koma pa sikimu imene amapereka kwa ahedi Lolemba lililonse salembapo.